Wotchi ikuti idyani, sikelo ikukana: kukonza mavuto a masitepe ndi makalori

Dandaulo limabwera mosiyanasiyana koma gwero lake nthawi zambiri ndi limodzi. Wina akuti pulogalamu ya pa foni yamupatsa makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) 900 owonjezera oti adye atangoyenda kupita kumsika n'kubwerako. Wina anagona ali ndi makalori 200 otsala, podzuka n'kupeza kuti dzulo anapyola malire. Wina watsatira manambala onse mwezi wathunthu koma sikelo sikusuntha. Onsewa analumikiza wotchi yowerenga masitepe, kaya Fitbit, Garmin, Apple Watch, Samsung, Huawei kapena kalamba ka Xiaomi, ku pulogalamu yolembamo zakudya monga MyFitnessPal, Cronometer, Lose It! kapena FatSecret. Ndipo ambiri sanabwererenso ku funso limene anayankha mothamanga tsiku lotsegula akaunti, lija lofunsa kuti ndinu munthu wotakataka bwanji.

Funso limenelo ndi wotchi yanu zimayeza chinthu chimodzi. Mukayankha kuti ndinu wotakataka, pulogalamu yakupatsiranitu makalori a kuyendayenda kwanu tsiku lisanayambe. Wotchi ikabweretsanso masitepe omwewo inu n'kuwadyera, ndiye kuti mwalipira waganyu kawiri pa mizere yomweyo.

## Kumene nambala ya tsiku imachokera

Pulogalamu imayamba ndi makalori amene thupi limawotcha mutangogona tsiku lonse osachita kanthu. MyFitnessPal ndi ena ambiri amagwiritsa ntchito kawerengedwe ka Mifflin-St Jeor ka mu 1990: makilogalamu anu kuchulukitsa ndi 10, kuphatikiza masentimita a msinkhu kuchulukitsa ndi 6.25, kuchotsa zaka kuchulukitsa ndi 5. Mwamuna amawonjezerapo 5, mkazi amachotsapo 161.

Titenge mayi wa zaka 35, wamtali masentimita 165, wolemera makilogalamu 78. Nambala yake ndi 1,475. Kenako nambalayi imachulukitsidwa molingana ndi mlingo wa kutakataka umene wasankha. Pulogalamu iliyonse ili ndi zochulukitsira zake, koma zofala pa mawebusaiti owerengera ndi izi:

- wongokhala, 1.2: makalori 1,770
- woyendako pang'ono, 1.375: makalori 2,028
- wotakataka, 1.55: makalori 2,286
- wa ntchito yolemetsa, 1.725: makalori pafupifupi 2,545

Onani kusiyana kwa mzere woyamba ndi wachitatu. Ndi makalori opitirira 500, omwe ndi ofanana ndi amene munthu amauzidwa kuchepetsa pa tsiku kuti azitsika pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata. Kungodina bokosi lolakwika kumafufuta khama lonse.

Wotchi ikalumikizidwa, mapulogalamu amachita zinthu ziwiri zosiyana. Ena, monga MyFitnessPal ikalumikizidwa ndi Fitbit, amayerekeza zimene iwo ankayembekezera kuti muwotcha ndi zimene wotchi yanena, n'kukupatsani kusiyana kwake kokha. Ena amangowunjika makalori onse a wotchi pamwamba pa nambala ya tsiku. Dziwani kuti yanu ili mbali iti. Mu MyFitnessPal mukadina mzere wa makalori ochokera ku wotchi, masamu ake amaoneka.

## Musanasinthe chilichonse

Tsegulani mbiri yanu mu mapulogalamu onse awiri, ya wotchi ndi ya zakudya, muone ngati izi zikufanana: zaka, msinkhu, kulemera, ndi kuti ndinu mwamuna kapena mkazi. Wotchi zambiri zimene anthu amavala kwathu kuno anachita kulandira kwa m'bale wa ku Johannesburg kapena ku UK, kapena anagula yogwiritsidwa kale ntchito. Ngati mwangolowa mu akaunti ya mwini wake wakale, wotchiyo ikuwerengera thupi la bambo wa makilogalamu 95 pamene ili pa dzanja la mayi wa makilogalamu 62. Ifufuteni yonse, mutsegule akaunti yanuyanu.

Onaninso miyezo. Mukalemba 78 pamalo pamene pakufunika mapaundi, pulogalamu imaona munthu wa makilogalamu 35.

## Chizindikiro 1: makalori owonjezera achuluka modabwitsa

Muyambe ndi kayezedwe ka msangamsanga. Poyenda pamalo osakwera, thupi limawotcha pafupifupi theka la kalori pa kilogalamu iliyonse pa kilomita imodzi, kuwonjezera pa zimene likanawotcha mutakhala pansi. Kwa mayi wathu uja ndi makalori 39 pa kilomita. Masitepe 10,000 ndi makilomita pafupifupi 7 kwa iye, ndiye kuti makalori a m'ma 270. Pulogalamu ikamupatsa 900 pa masitepe amenewo, penapake palakwika.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Nambala ya tsiku munailemba nokha. Ambiri amakawerengetsa pa webusaiti ina, kapena amapatsidwa nambala ndi mphunzitsi wa ku jimu, n'kudzailemba mu pulogalamu. Nambala zoterozo zimakhala zitawerengera kale masewera olimbitsa thupi a sabata yonse. Wotchi ikawonjezerapo, mwabwereza. Sankhani chimodzi: siyani pulogalamu iwerenge yokha, kapena sungani nambala yanuyo koma makalori a wotchi musawadye.
2. Mlingo uli pamwamba mu pulogalamu yongowunjika. Tsitsani mlingo ufike pansi penipeni, pa Sedentary kapena Not Very Active, kuti kuyenda kwanu kuzibwera ndi wotchi yokha.
3. Masewera amodzi alowa kawiri. Mwathamanga, wotchi yatumiza, pulogalamu ya othamanga ya Strava nayonso yatumiza, inunso mwalemba pamanja. Yang'anani mu dayale ya tsikulo. Mukapeza mizere iwiri ya nthawi yofanana, fufutani umodzi, ndipo lumikizani kudzera njira imodzi yokha.
4. Makalori a kupuma asakanikirana ndi a kutakataka. Wotchi imaonetsa manambala awiri, Total ndi Active. Total ikuphatikiza zimene mukanawotcha muli gone. Amene amalemba pamanja asakope Total.
5. Mtima unathamanga pa chifukwa china. Wotchi zoyeza kugunda kwa mtima zimaona ngati mukugwira ntchito pamene mtima wakwera chifukwa cha kutentha kwa mu Okutobala, khofi, nkhawa kapena kutentha thupi kwa malungo. Tsiku lotero nambala yake musaikhulupirire.

Ngakhale zonsezi zitakonzeka, wotchi si sikelo ya makalori. Mu 2017 akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anayesa zipangizo 7 za pa dzanja pa anthu 60. Pa kugunda kwa mtima, 6 mwa izo zinalakwitsa ndi zosakwana 5 peresenti. Pa makalori, yochita bwino kwambiri inaphonya ndi 27 peresenti ndipo yoipitsitsa ndi 93 peresenti. Anapezanso kuti kuphonyako kunali kokulirapo mwa amuna, mwa anthu onenepa, mwa a khungu lakuda komanso poyenda. Zipangizo zasintha kuchokera nthawi imeneyo, koma njira yake ikadali yongoyerekeza. N'chifukwa chake ambiri amene akhalitsa pa nkhaniyi amadya theka lokha la makalori owonjezera, n'kusiya sikelo iweruze pakatha masabata angapo. Ine ndimaona kuti ndi poyambira pabwino.

## Chizindikiro 2: mwayenda tsiku lonse koma chowonjezera ndi 0

1. Simunafike pa mlingo umene munalonjeza. Tinene kuti munasankha Active (wotakataka) ndipo pulogalamu ikuyembekezera makalori 2,300. Wotchi yanena 2,150. Palibe chowonjezera chifukwa mwatsalira ndi 150. Apa palibe chawonongeka, masamu ali bwino. Choopsa n'chakuti ngati Enable Negative Adjustments, batani lolola pulogalamu kukuchotserani makalori, lili lozimitsa, pulogalamu imangolemba 0 osakuchotserani 150 ija, ndipo mumadya mopyola tsiku lililonse osadziwa. Tsitsani mlingo, kapena yatsani batani limenelo. Pa webusaiti ya MyFitnessPal lili mu Diary Settings.
2. Gwero la masitepe silinasankhidwe. Kulumikiza akaunti ndi kusankha gwero ndi zinthu ziwiri. Lowani pa Steps muone ngati chasankhidwa ndi wotchi yanu, osati foni imene yatsala pa tebulo tsiku lonse.
3. Manambala sanafike. Pitani pa chizindikiro 5.

## Chizindikiro 3: makalori akuchotsedwa, kapena akusowa usiku

Izi zimakwiyitsa anthu kuposa zina zonse, koma kawirikawiri si vuto la makina.

M'mawa mukapeza chowonjezera chili ndi chizindikiro chochotsera, ndi chifukwa chakuti mwagona maola ambiri kuyambira pakati pa usiku, pamene pulogalamu inagawa kutakataka kwanu mofanana pa maola onse 24. Mukayamba kuyenda nambalayo imakwera yokha. Musalumphe chakudya cha m'mawa chifukwa cha iyo.

Za usiku zimayenda chonchi. Pa 6 koloko madzulo pulogalamu imatenga zimene wotchi yawerenga kufika nthawi imeneyo, n'kuyerekeza kuti maola otsalawo mupitiriza kutakataka pa mlingo umene munasankha. Inu mwadya, mwakhala pa mpando, 9 koloko mwagona. Pofika pakati pa usiku chiyerekezo chija chaphonya ndipo makalori abwezedwa. Mlingo ukakhala wapamwamba, obwezedwawo amachulukanso. Zochita:

- tsitsani mlingo;
- tumizani manambala a wotchi musanadye chakudya chamadzulo komanso musanagone;
- onani kuti usiku uliwonse mumachotseredwa angati, ndipo muzisiyiratu ochuluka choncho.

Chifukwa china ndi kuvula wotchi. Ikakhala pa chaja, kapena batire yatha magetsi atazima, wotchi imakuwerengerani ngati mwagona. Amene anayatsa zochotsera adzaona tsiku lotero likuwalanda makalori mazana angapo ngakhale analima m'mawa wonse. Tsiku limenelo tsatirani nambala ya masiku onse.

Chomaliza ndi nthawi. Akaunti imodzi ikakhala pa nthawi ya ku London ina pa nthawi ya ku Malawi, tsiku limatha pa maola osiyana: ola limodzi m'chilimwe cha ku UK, awiri m'nyengo yawo yozizira. Masitepe a usiku amagwera tsiku lina. Izi zimavuta kwambiri amene angosamuka kumene ndi amene amayendayenda pakati pa mayiko. Fananizani nthawi mu akaunti zonse ziwiri.

## Chizindikiro 4: masitepe sakufanana ndi zimene mwayendadi

Yesani kaye. Onani nambala, yendani masitepe 200 mukuwerenga pamtima pa liwiro lanu la nthawi zonse, imani, dikirani masekondi angapo, muonenso. Kusiyana kwa 10 si nkhani. Wotchi zambiri siziyamba kuwerenga mpaka mutaponda masitepe angapo motsatizana, ndiye zoyendayenda za m'khitchini zina zimatayika.

Wotchi ya pa dzanja siona mapazi, imamva kugwedezeka kwa mkono. Choncho imawerenga mopyola mukamavundula nsima, kuchapa pamanja, kusinja, kusesa pabwalo kapena kuwomba m'manja ku kwaya. Imawerenganso mukakwera minibasi kapena kabaza pa msewu wa mabampu: yang'anani nambala musanakwere ndi potsika, mudzaona nokha. Zina mwa ntchitozi zimawotchadi makalori, kusinja si masewera, koma kukhala pa mpando wakumbuyo wa minibasi ayi.

Imawerenga mochepera mkono ukakhala chilili: pokankha wilibala kapena ngolo ya mu sitolo, pogwirizira ndowa pamutu, ponyamula mwana m'manja, pogwira zitsulo za makina oyendapo ku jimu. Kupalasa njinga kulibe masitepe konse.

Zochita:

- Valani wotchi ku dzanja limene simugwiritsa ntchito kwambiri, ndipo muiuze dzanja lake. Fitbit ili ndi posankha Dominant kapena Non-dominant.
- Pokankha kapena ponyamula, ikani wotchi m'thumba la buluku, kapena yatsani masewera a Walk kuti igwiritse ntchito GPS ndi kugunda kwa mtima.
- Ngati nambala ili pafupifupi kawiri, foni ndi wotchi zikutumiza zonse. Pa iPhone, Apple Health, pulogalamu yosonkhanitsa manambala a zaumoyo, imalola kusanja magwero kuti loyamba likhale wotchi. Pa Android, inzake yotchedwa Health Connect ilinso ndi posanja magwero. Mayina a mabatani amasinthasintha, koma funani mawu akuti Data sources.
- Lamba akhale wogwira bwino, chala chimodzi kumtunda kwa kafupa ka pa dzanja. Wotchi yogwedera imalakwitsa kugunda kwa mtima.

Za wotchi zotchipa zopanda dzina za pa msika: ivuleni, muiike pa tebulo, muyatse zoyeza mtima. Ikakupatsani nambala ya kugunda kwa mtima wa tebulo, igwiritseni ntchito poonera nthawi basi, musailumikize ku chakudya chanu.

## Chizindikiro 5: wotchi ikuonetsa masitepe, pulogalamu ya zakudya ayi

Manambala amadutsa malo angapo: kuchoka pa wotchi kupita pa foni kudzera pa Bluetooth, kuchoka pa foni kupita ku makompyuta a kampani kudzera pa intaneti, kenako kupita ku pulogalamu ya zakudya. Fufuzani motsatira njira yomweyo.

1. Pulogalamu ya wotchi sinatsegulidwe. Itseguleni, dikirani imalize, kenako mutsegule ya zakudya. Pena pamatenga mphindi zingapo.
2. Bandulo ndi ya WhatsApp kapena Facebook yokha. Foni ikuonetsa kuti intaneti ilipo koma mapulogalamu awa sadutsa. Pamafunika bandulo wamba kapena Wi-Fi.
3. Foni ikutseka pulogalamu pofuna kusunga batire. Zimachitika pa mafoni ambiri a Android. Lowani mu zokonzera batire, muchotse pulogalamu ya wotchi pa mndandanda wa zogonekedwa, ndipo muilole kugwiritsa ntchito data ili kumbuyo.
4. Chilolezo chinachotsedwa. Mu Health Connect kapena Apple Health, onani kuti pulogalamu ya wotchi ili ndi chilolezo cholemba ndipo ya zakudya ili ndi chowerenga. Health Connect inalowetsedwa mkati mwa Android 14. Pa mafoni akale imachita kuikidwa payokha. Amene analumikiza kalekale kudzera pa Google Fit adziwe kuti Google ikusamutsira zimenezi ku Health Connect.
5. Kulumikizana kwaduka. Masulani mbali zonse ziwiri, osati imodzi, zimitsani foni, muyatsenso, mulumikize mwatsopano. Ichi chikhale chomaliza, chifukwa pena chimabwereza manambala a tsikulo.

Zonsezi zikakanika ndipo anzanu a wotchi yofanana akudandaulanso tsiku lomwelo, vuto lili ku makompyuta a kampani. Dikirani, musafufute akaunti.

## Chizindikiro 6: manambala onse ali bwino koma sikelo sikusuntha

Apa ambiri amathamangira kuimba mlandu wotchi, pamene nthawi zambiri cholakwika chili mbali ya mbale.

1. Chakudya chikulembedwa mochepera. Mukalemba "nsima" mu mapulogalamuwa mumapeza mizere yambirimbiri yolembedwa ndi anthu wamba, yosagwirizana. Mtanda wa kwanu si mtanda wa kwa aneba. Njira yodalirika ndi kuyeza ufa usanalowe mumphika. Ufa wa chimanga uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100. Mukaphika magalamu 500 n'kuomola mitanda 6 yofanana, uliwonse ndi makalori 300. Amene amadya iwiri masana ndi iwiri madzulo wafika 1,200 ndiwo zisanawerengedwe. Mafuta ophikira ndi 120 pa supuni yaikulu imodzi, ndipo amene amathira kuchokera m'botolo sathira imodzi. Mtedza ndi nsinjiro zimapitirira 550 pa magalamu 100. Shuga ndi 16 pa kasupuni ka tiyi kosasefukira: atatu pa kapu, makapu atatu pa tsiku, ndi 144. Ndiye pali zimene siziwerengedwa ngati chakudya: mandasi a pa 10 koloko, tchipisi cha pa chiwaya, thobwa, zakumwa zotsekemera, mowa wa Loweruka, zotsala za mwana. Amene akufuna manambala a zakudya zathu, pali Malawian Food Composition Table ya mu 2019.
2. Makilojulu asakanikirana ndi makalori. Mapaketi ochokera ku South Africa amalemba mphamvu mu kJ. Kalori imodzi ndi 4.184 kJ, kotero 1,500 kJ ndi makalori pafupifupi 360. Onaninso ngati nambala ya pa paketi ndi ya magalamu 100 kapena ya gawo limodzi.
3. Mukudya makalori onse a wotchi. Bwererani pa chizindikiro 1.
4. Madzi akubisa zotsatira. Mchere wambiri, masiku oyandikira kusamba kwa amayi, kudzimbidwa ndi kuyamba kumene masewera zimasunga madzi m'thupi, kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Dziyezeni m'mawa mutachoka kuchimbudzi, pa sikelo yomweyo, pa simenti osati pa mkeka, ndipo muziyerekeza avereji ya sabata ndi ya sabata inzake.
5. Kulemera kwa mu akaunti ndi kwakale. Thupi likachepa limawotchanso zochepa. Mukatsika makilogalamu 4 kapena 5, lembani kulemera kwatsopano mbali zonse ziwiri, nambala ya tsiku iwerengedwenso.
6. Mankhwala. Jakisoni wolera wa miyezi itatu, mankhwala ena a matenda a maganizo, ma steroid ndi ma ARV ena, kuphatikizapo okhala ndi dolutegravir, amatha kuwonjezera thupi mwa anthu ena. Musasiye kapena kudumpha mankhwala chifukwa cha sikelo. Kakambiraneni ku chipatala kumene mumalandira.

Pakatha masabata 4 mutha kuyeza makina anu onse pogwiritsa ntchito sikelo. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ndi makalori pafupifupi 7,700. Ngati pulogalamu imati mukuchepetsa 500 pa tsiku, m'masiku 28 ndi 14,000, ndiye munayenera kutsika pafupifupi makilogalamu 1.8. Mwatsika 0.7. Ndiye kuti munachepetsadi makalori 5,390, omwe ndi a m'ma 190 pa tsiku, ndipo penapake pakutayika 300 tsiku lililonse. Zilibe kanthu kwenikweni kuti akutayikira ku wotchi kapena ku mbale. Chepetsani gawo limene mumadya pa makalori owonjezera, yezani ufa ndi mafuta, muonenso pakatha masabata ena 4. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza.

## Chizindikiro 7: njala yosatha, kufooka, kutsika mofulumira

1. Mlingo uli pansi, ndipo makalori a wotchi simukuwadya konse. Malangizo akuti "musadye makalori a masewera" ndi a munthu amene mlingo wake wawerengera kale masewerawo. Mphunzitsi kapena namwino woyenda masitepe 15,000 amene wasankha Sedentary n'kukananso zowonjezera akuchepetsa kawiri.
2. Ntchito yanu ndi ya mphamvu osati ya masitepe. Kulima, kuumba njerwa, kunyamula matumba, kupalasa kabaza, kutunga madzi. Foni ya m'thumba kapena wotchi yopanda choyezera mtima sizingaone kulemera kwa ntchito imeneyi. Masulani masitepe, musankhe Active kapena Very Active.
3. Mankhwala ochedwetsa kugunda kwa mtima. Atenolol ndi propranolol amachititsa wotchi kuona ngati simukugwira ntchito molimba.
4. Liwiro limene munasankha ndi lalikulu. Kilogalamu imodzi pa sabata imafuna kuchepetsa makalori oposa 1,000 pa tsiku. Kwa munthu wamng'ono thupi ndi zosatheka popanda kudzivulaza. MyFitnessPal siyerekezera mkazi zochepera 1,200 kapena mwamuna zochepera 1,500 pa tsiku. Nambala yanu ikaima pamenepo, dziwani kuti mwagunda pansi, tsitsani liwiro.

## Ndiye musankhe mlingo uti?

Njira zoyenda bwino ndi zitatu, ndipo zisasakanizidwe.

- Mlingo wapansi, wotchi iziwonjezera. Ndi yabwino kwa ogwira ntchito ya pa desiki, madalaivala, ndi aliyense amene masiku ake amasiyana kwambiri. Ambiri ayambire pano.
- Mlingo weniweni, wotchi yolumikizidwa, zochotsera zoyatsa. Imagwira mu mapulogalamu owerenga kusiyana okha. Pakutha pa tsiku nambala imafanana ndi ya njira yoyamba, kungoti m'mawa mumaona chakudya chochuluka ndipo mutha kukonzeratu. Imafuna kuvala wotchi tsiku lonse.
- Mlingo weniweni, osalumikiza. Nambala imodzi tsiku lililonse. Wotchi ikhale yongokulimbikitsani kuyenda. Kwa a ntchito zamphamvu, kwa amene intaneti ndi magetsi zimawavuta, ndi kwa amene kusinthasintha kwa manambala kumawasokoneza mutu, iyi ndiyo yabwino.

Pofuna kudziwa mlingo weniweni, valani wotchi masabata awiri osasintha khalidwe, mutenge avereji. Catrine Tudor-Locke ndi David Bassett anagawa akuluakulu motere mu 2004: ochepera masitepe 5,000 pa tsiku ndi ongokhala, 5,000 mpaka 7,499 oyendako pang'ono, 7,500 mpaka 9,999 otakatakako, 10,000 kupita m'tsogolo otakataka, opyola 12,500 otakataka kwambiri. Magawowa sagwirizana ndendende ndi mabokosi a pulogalamu iliyonse, koma amathandiza kuletsa kudzinamiza. Kupita ku jimu katatu pa sabata sikusandutsa munthu wa mu ofesi kukhala Very Active, chifukwa mu MyFitnessPal funsoli likunena za ntchito ndi moyo wa tsiku ndi tsiku, masewera amalembedwa padera. Ndipo nambala ya 10,000 ija isakulamulireni: inatchuka ndi kachipangizo kowerengera masitepe kotchedwa Manpo-kei kamene kampani ya Yamasa inatulutsa ku Japan mu 1965.

## Pamene muyenera kusiya kukonza nokha

Siyani kuchepetsa chakudya ndipo pitani ku chipatala ngati:

- mukumva chizungulire, mwakomokapo, mtima ukugunda mosalongosoka, kapena mukumva kupweteka pachifuwa ndi phuma poyenda;
- mwasiya kusamba koma simuli oyembekezera, kapena tsitsi likuthothoka;
- mukuonda osafuna kapena mopyola zimene manambala akunena, makamaka ngati pali chifuwa chosatha, thukuta la usiku, ludzu lalikulu kapena kukodza pafupipafupi. TB, HIV, matenda a shuga ndi a chithokomiro amayamba chonchi, ndipo n'zosavuta kuyamikira wotchi pa kuonda kumene kwabwera ndi matenda;
- mwakwera makilogalamu angapo m'masiku ochepa ndipo miyendo kapena nkhope zatupa;
- mukuzungulira m'chipinda usiku kuti "mugule" chakudya, mumasanza kapena kumwa zotsegula m'mimba mukadya, kapena wotchi ikatha batire mumaopa kudya. Apa masulani kulumikizana lero lomwe, mukauze dokotala kapena mlangizi wa za maganizo.

Musayambe n'komwe kuwerenga makalori musanaonane ndi dokotala kapena katswiri wa kadyedwe ngati muli oyembekezera kapena oyamwitsa, simunakwane zaka 18, BMI yanu (muyezo wa kulemera poyerekeza ndi msinkhu) ili pansi pa 18.5, muli ndi matenda a impso kapena a mtima, kapena mumabaya insulin kapena kumwa mankhwala a shuga a glibenclamide. Kwa odwala shuga, kuchepetsa chakudya ndi kuwonjezera kuyenda mankhwala osasinthidwa kutha kugwetsa shuga mwadzidzidzi.

Kumbali ya chipangizo, lemberani a kampani ya pulogalamu ngati mwamasula n'kulumikizanso koma padutsa masiku angapo manambala osafika, ndipo muwatumizire zithunzi za mbali zonse ziwiri za tsiku limodzi. Khungu likatuluka zidzolo pansi pa lamba, vulani, tsukani lamba, muumitse, mupumitse dzanja masiku angapo. Wotchi ikamatentha pa dzanja, ikafufuma kumbuyo kapena galasi likayamba kutukuka, ivuleni pomwepo ndipo musaiikenso pa chaja. Musaitsegule nokha ndi mpeni, pitani nayo kwa okonza mafoni kapena kumene munagula. Amene ali ndi Fitbit Ionic adziwe kuti kampani inaiitanitsa mu Malichi 2022 chifukwa batire yake inkatha kutentha n'kuwotcha khungu, choncho imeneyo si yovalanso ngakhale ikuoneka yabwinobwino.